Chiwindi tinachinyamulira m'mimba mwa alamu

Bokosilo linali la buluu, chivundikiro choyera, ndendende aja azimayi a pa msika wa Soweto ku Lusaka amasungiramo nsomba za ku Siavonga. Anyamata awiri ovala zobiriwira anatuluka nalo mu lifiti ali pa liwiro, wachitatu ali patsogolo kupatutsa anthu. Ine ndinali khale pabenchi m'khonde la chipatala china mumzinda wa Delhi, cha m'ma 2 koloko usiku, tulo titakana. Ndatha zaka 16 ndikukonza mafiriji ku Kalingalinga, ndiye bokosi lozizira likamadutsa maso anga amalitsata okha. Ndinaona tepi atakulunga pachivundikiro, ndinaonanso kapepala kolembedwa nthawi. Ndinafunsa nesi wa pa desiki kuti kodi m'menemo muli magazi? Iye osadzutsa n'komwe mutu anangoti, "Chiwindi."

Ndinayamba ndaseka, poyesa kuti akundiseweretsa poona kuti ndine mlendo. Koma nkhope yake inali ya munthu wonena za tsiku ndi tsiku. Mwini chiwindicho anali atamwalira madzulo omwewo mumzinda wina. Chinakwera ndege, apolisi n'kuchitsegulira msewu kuchokera pabwalo la ndege ngati mukudutsa pulezidenti, ndipo apa chimathamangira munthu amene anali atagonekedwa kale m'chipinda cha opaleshoni. Zonsezo m'bokosi loti pa Kamwala ndingagule ndi ndalama ya m'thumba.

Chinandifikitsa pabenchi limenelo ndi matenda a achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, mphunzitsi wa ku Matero amene mowa sanaulawepo chibadwire. Zinayamba ndi maso achikasu ndi kuyabwa thupi lonse. Kenako mapazi anatupa mpaka nsapato kukana, mimba n'kumakula ngati ya mayi woyembekezera, uku manja ndi nkhope zikunka ziuma. Mu komboni yankho silichedwa kupezeka. Ena anati amamwa mobisa, ati aphunzitsi ndi omwe ankamaliza tujilijili boma lisanatiletse mu 2012. Achibale a ku Katete anati pali dzanja la munthu, n'kutumiza mabotolo a mizu pa basi. Magazi atapimidwa anapezeka ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kanakhala kakudya chiwindi mwakachetechete zaka zambirimbiri mpaka chinauma gwa, zipsera zokhazokha.

Adokotala anati tonse obadwa mimba imodzi tikapimitse. Tinapita atatu, tonse atatu n'kupezeka nako. Anatifotokozera kuti kuno kwathu ambiri amakatenga pobadwa kapena ali makanda, munthu n'kukula nako osadziwa kanthu. Amayi atamva anakhala tsiku lonse pakhonde akusenda mtedza, osayankhula ndi munthu. Ine mumtima ndinali nditakonzeka kale kuti ngati pafunika wopereka, ndine, poti ndine wamng'ono komanso wanyonga. Khomo limenelo linatsekeka pomwepo. Anatsala ndi alamu, akazi awo, a magazi a gulu O. Tili kukhitchini anangondiuza kuti, "Alamu, musadzivute. Nanga anawa ndilera ndi ndani?"

Kuno ku Zambia impso anayamba kusintha ku chipatala chachikulu cha UTH mu 2018, koma chiwindi ndi nkhani ina. Anatiuza kuti kaya Johannesburg kaya India, tisankhe malinga ndi thumba. Puloti ya ku Chongwe inapita, a kumpingo anasonkha, aphunzitsi anzawo anasonkha, ine ndinagulitsa kagalimoto kanga konyamulira mafiriji. Ku India lamulo limati ziwalo za omwalira ziyambe zapita kwa eni dziko, mlendo akhale kumapeto kwenikweni kwa mzere, ndipo ine sindiwada nazo, ifenso tikanatero. Mlendo amabwera ndi wachibale wamoyo ndi mulu wa makalata otsimikiza kuti ubalewo si wogula. Ndiye chiwindi chathu tinachoka nacho tokha ku Lusaka. Chinadutsa pa Kenneth Kaunda International Airport ndi pasipoti yakeyake, chinasintha ndege ku Addis Ababa, chinadandaula kuti mpunga wa m'ndege ulibe mchere, chili phee m'mimba mwa alamu pa madigiri 37.

Kutacha usiku wa bokosi uja ndinakola dokotala wina wachinyamata amene ankabwera kudzaona achimwene. Safunsa anadya phula. Ndinamuuza ntchito yanga, n'kumufunsa kuti zitheka bwanji chiwalo cha munthu kuyenda m'bokosi la nsomba. Anaseka, anatenga pepala la mankhwala n'kuyamba kujambula kumbuyo kwake. Masiku amene tinakhala kumeneko, akapeza mpata ankandiwonjezera pang'ono, zina ndinkawerenga ndekha pafoni usiku pabenchi lomwe lija. Wodwazika matenda nthawi amakhala nayo yambiri, chochita n'chimene chimasowa.

Choyamba chimene anandiuza ndi chakuti magazi akangosiya kuyenda m'chiwalo, wotchi imayamba. Mtima uli ndi maola 4 mpaka 6. Impso ndi yopirira, imatha tsiku lathunthu ngakhale kupitirira. Chiwindi chili pakati: madokotala amafuna chilowe m'thupi latsopano maola 8 asanakwane, ndipo akapitirira 12 nkhope zimayamba kugwa. Nthawi imeneyo ndi ya chiwalo chimene chili pozizira. Chikangosiyidwa pofunda popanda magazi, n'zamphindi chabe.

Za kuzizira sanavutike kundiphunzitsa, ndi munda wanga. Firiji siipha chimene chimaoletsa nyama, imangochichedwetsa. N'chimodzimodzi maselo, tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga chiwindi: kutentha kukatsika ndi madigiri 10, ntchito yawo imatsika pafupifupi ndi theka, ndipo pofika pa madigiri 4 amangogwira kagawo kamodzi mwa magawo khumi. Koma kagawo kameneko sikazima. Selo limapitiriza kudya kamphamvu kamene linasunga, mpweya palibe, zinyalala zikuunjikana m'kati. Chiwindi cha m'bokosi chimakhala chikufa ndithu, kungoti pang'onopang'ono.

Ndinafunsa funso limene aliyense wa ntchito yanga angafunse: bwanji osangochiika mu deep freezer chiume gwa, mudzachisungunule pochifuna? Anandifunsa ngati ndinaikapo tomato mu freezer. Ndinati kangati. Tomato wouma ukamusungunula amangoti phwetekere, madzi chuu, chifukwa madzi a m'kati poundana amasanduka timinga tobaya makoma a maselo. Nyama ya m'butchala ikachucha madzi ofiira m'thireyi, ndi zomwezo. Ya ndiwo zilibe kanthu, ilowa mumphika. Koma chiwindi chimene chikufunika kukadzukanso n'kugwira ntchito zaka makumi sichingabayidwe chotero. N'chifukwa chake m'bokosi lija chiwindi sichikhudzana ndi ayezi. Chimakhala m'thumba la madzi a mankhwala, thumbalo m'thumba lina, linalo m'linanso, ayezi ali kunja.

Nzeru yeniyeni ili m'madziwo, osati m'bokosi. Pakhoma la selo lililonse pali timapampu totulutsa mchere kunja. Kukazizira ndipo mphamvu ikatha, timapampu timaima, mchere umalowa, madzi n'kuutsatira, selo n'kufufuma ngati nyemba zonyika. Ndiye asanachotse chiwindi m'thupi la womwalira, amathira madzi ozizira apadera m'mitsempha kutsuka magazi onse. Otchuka kwambiri anapangidwa pa University of Wisconsin ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi Folkert Belzer ndi James Southard, ndipo mpaka lero amangotchedwa UW. Muli zinthu zina zikuluzikulu zosatha kulowa m'selo, zimene zimagwira madzi kunja kuti selo lisatupe. Mulinso mchere wa potassium wambiri, woti atalowa m'magazi a wodwala mwakamodzi akhoza kuimitsa mtima, choncho amayamba amutsukamo asanatsegule mitsempha. Ena amakonda madzi a ku Germany otchedwa HTK, opyapyala ngati madzi akumwa, amene amalowa msanga m'timitsempha ting'onoting'ono.

Thomas Starzl, amene anayamba kuyesa kusintha chiwindi cha munthu ku Denver mu 1963 n'kudzapambana mu 1967, analibe madzi amenewa. Kwa zaka pafupifupi 20 zotsatira, malire anali maola 6 mpaka 8, opaleshoni n'kumachitika mwa chipwirikiti pakati pa usiku. UW atabwera, chiwindi chinayamba kuyenda maulendo aatali. Ndipo kuchokera pamenepo, kwa zaka 30, dziko lonse lolemera ndi zipangizo zake zonse linkadalirabe bokosi, thumba ndi ayezi. Ine zimenezo zinandisangalatsa mwa mtundu wina wake, ngati kuti ntchito yanga yakwezedwa.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri n'china. Dokotala uja anati kuwonongeka kwakukulu sikuchitikira m'bokosi ayi. Kumachitika pa mphindi imene atsegula mitsempha, magazi ofunda odzaza mpweya n'kukhuthukira m'chiwindi chimene chakhala maola chili zii. Ndinamudula pakamwa. Ndinati zimenezo ndikuzidziwa.

Aliyense wokonza mafiriji mu Lusaka akuuzani kuti firiji siipsa magetsi akathima. Imapsa akabwera. Mu 2024, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankatha maola 17 patsiku ngakhale kuposa, ndipo ine chaka chimenecho ndinasintha makompuresa, injini za mafiriji, ambiri kuposa chaka china chilichonse. Magetsi amabwera mwaukali pakati pa usiku, kompuresa ili chigonere, mafuta atakhazikika pansi, imayesa kudzuka mwadzidzidzi, imalira kamodzi, fungo la waya wopsa, basi. M'maselo a chiwindi mulinso tinjini take topangira mphamvu. Pa nthawi imene mpweya palibe, mafuta ena amaunjikana m'menemo osapsa. Mpweya ukafika mwakamodzi, amayaka onse nthawi imodzi, n'kutulutsa zinthu zowononga selo lomwelo, thupi la wodwala n'kuthamangira pamenepo ndi asilikali ake a m'magazi, kutupa kukulirakulira. Chiwindi chabwino cha mnyamata chimapirira. Chokalamba, kapena chamafuta ambiri, nthawi zina sichidzuka n'komwe. Mafuta pozizira amaundana, monga amachitira mumphika wa nyama yogona, n'kufinya timitsempha.

Pali malo ena ofooka amene ine sindinkawadziwa: tinjira ta ndulu. Chiwindi chimalandira magazi kuchokera mbali ziwiri, mtsempha waukulu wochokera kumatumbo umene umabweretsa magawo atatu mwa anayi, ndi wina waung'ono wochokera kumtima. Tinjira ta ndulu timadalira waung'onowo, ndipo tikapwetekeka sitionetsa tsiku lomwelo. Wodwala amatuluka m'chipatala akuseka, pakatha miyezi itatu kapena isanu maso ayambanso chikasu, tinjira tafota. Vutoli limakula pamene chiwindi chachokera kwa munthu amene mtima unayamba waima, chifukwa chimakhala mphindi zingapo pofunda popanda magazi asanachizizire. Kwa amene ubongo unafa koma makina akupopabe mpweya, magazi amayenda mpaka mphindi yomaliza.

Makasitomala anga ndimawakakamiza kugula fridge guard, kabokosi kaja kamene magetsi akabwera kamayamba kadikira mphindi zingapo kasanalole firiji kuyaka. Ambiri amakana, ati ndi ndalama yongotaya, n'kudzabwera ndi firiji pa wilibala. Madokotala a ku Zurich, motsogozedwa ndi Philipp Dutkowski ndi Pierre-Alain Clavien, anapangira chiwindi chinthu cha nzeru yomweyo, n'kuchitcha HOPE. Chiwindi chikafika m'bokosi lake, sathamangira kuchisoka. Amayamba achilumikiza ku pampu imene imayendetsa madzi ozizira, cha m'ma madigiri 10, odzaza mpweya wa okosijeni, kwa ola limodzi kapena awiri. Poti kukuzizira, tinjini tija timadzuka mwaulesi, timatentha mafuta ounjikana aja pang'onopang'ono, n'kusunganso mphamvu. Magazi ofunda akamafika amapeza nyumba yosesa kale. Gulu la Robert Porte la ku Groningen linayesa njirayi pa ziwindi za anthu oima mtima, zotsatira n'kutuluka mu 2021: kufota kwa tinjira ta ndulu kunagwira odwala 6 pa 100 alionse, pamene kwa a bokosi lokha kunagwira 18. Njira imeneyi ine imandikomera chifukwa pampu itafa, chiwindi chili pozizira kale, sichitayika.

Ena anaganiza mosiyana kotheratu: bwanji kuchigoneka n'komwe? Ku Oxford, dokotala Peter Friend ndi injiniya Constantin Coussios anapanga makina otchedwa OrganOx metra, amene amachinamiza chiwindi kuti chikadali m'thupi. Magazi enieni amayenda m'menemo pa madigiri 37, mpweya ukulowa, chakudya chikulowa, chiwindi chili psuu, chikutulutsa ndulu m'kabotolo pambali. Wodwala woyamba analandira chiwindi chochokera pa makinawa mu 2013 ku King's College Hospital ku London. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2018 anaonetsa kuti kupwetekeka kwa chiwindi kunatsika ndi theka, ziwindi zotayidwa zinatsikanso ndi theka, ndipo chiwindi chikhoza kukhala pa makinawo mpaka maola 24. Opaleshoni ya 2 koloko usiku ikhoza kudikira kuti kuche, madokotala atagonako.

Phindu lake lalikulu kwa ine si maolawo ayi. Ndi kuyesa. Firiji ya kaunjika sindigulitsa ndisanaiyatse usiku wonse, botolo la madzi lili m'kati, m'mawa n'kuona ngati laundana. Kuiyang'ana kunja sikuuza kanthu, penti amanama. Koma dokotala wolandira chiwindi m'bokosi la ayezi amasankha monga amasankhira amayi pa butchala: kuona mtundu, kudina ndi chala, kuona ngati m'mphepete muli mosongoka kapena mwafufuma ndi mafuta, mwina kudula kachidutswa kukaona pa makina oonera zing'onozing'ono. Akakayika amakana, poti akalakwitsa afa ndi munthu. Ziwindi zambiri zabwino zatayidwa chifukwa cha mantha oyenera amenewa. Pa makina ofunda, chiwindi chimayankha chokha. Amaona ngati chikuchotsa asidi wotchedwa lactate m'magazi, ngati ndulu ikutuluka, ngati magazi akuyenda mosavuta. Ku Birmingham anatenga ziwindi 31 zimene zipatala zonse za ku Britain zinakana, n'kuziika pa makina. Zokwana 22 zinakhoza mayeso n'kuikidwa mwa anthu, ndipo patatha masiku 90 onse anali moyo, ngakhale ena anadzavutikabe ndi tinjira ta ndulu tija pambuyo pake. Zimenezi zinalengezedwa mu 2020.

A ku Zurich aja sanalekere pa HOPE. Mu 2020 anaonetsa makina osunga chiwindi sabata yathunthu, okhala ndi chosefera magazi m'malo mwa impso, chothira insulin m'malo mwa kapamba, ngakhale kokankhakankha chiwindi kutsanzira kupuma kwa munthu kuti chisachite zilonda pogonera mbali imodzi. Mu May 2021 anatenga chiwindi chokanidwa, anachisunga masiku atatu akuchipatsa mankhwala, n'kumuika munthu wodwala khansa, ndipo patatha chaka anali bwinobwino. Ku Boston nako mu 2019 anasunga ziwindi za anthu pa madigiri 4 kunsi kwa ziro osaundana, nthawi yonse kunja kwa thupi n'kukwana maola 27. Izi mwina munazionapo osadziwa: botolo la chakumwa loiwalika mu freezer, ulitulutse lili madzi ndithu, ungoligogoda kapena kulitsegula, n'kuundana lonse uli chigwirire. Luso lawo linali kuletsa kugogodako. Zimenezo zinali zoyesera chabe, ziwindizo sanaike mwa anthu.

Tsopano ndinene monga munthu amene amakhala ndi makina tsiku lililonse. Makina ofunda aja ndi okongola, koma ndi mwana wakhanda. Amafuna magazi a m'nkhokwe, mapaipi atsopano odula pa chiwindi chilichonse, munthu wophunzira womayang'anira, ndi magetsi osaphethira. Akaima chiwindi chili pa madigiri 37, wotchi ya mphindi ija yayamba. Bokosi la nsomba lilibe pulagi. N'chifukwa chake silinathe ntchito, ndipo sindikuona likutha msanga.

Tsiku lathu linafika Lachiwiri. Alamu anawatenga 7 koloko m'mawa, atavala kachipewa ka pepala, akundilangiza kuti ndiimbire ana asanapite kusukulu. Dzulo lake anali atawauza mosabisa kuti opereka ena amamwalira, ochepa, osakwana mmodzi pa 100, koma amamwalira ndithu, ndipo anawafunsa ali okha, ife tili panja, ngati pali amene akuwakakamiza. Achimwene anawatenga patapita maola awiri. Zipinda ziwirizo zinali zogundizana, khomo limodzi pakati. Anadula mbali ya kumanja ya chiwindi cha alamu, magawo pafupifupi 6 mwa 10, pamodzi ndi kathumba ka ndulu. Amaonetsetsa kuti wopereka atsale ndi osachepera magawo atatu, ndiponso kuti chidutswacho chikwanire thupi la wolandira. Gulu la mbali inayo linali litamasula kale chiwindi chouma cha achimwene, kudikira.

Ndinali nditamupempha dokotala uja kuti ngati n'kololedwa andijambulireko. Madzulo, atatopa maso ali psuu, anandionetsa zithunzi ziwiri pafoni. Choyamba: beseni lachitsulo longa losambitsira mwana, ayezi wophwanyaphwanya pansi pa pulasitiki, chidutswa cha alamu chili m'madzi, chotuwa ngati chiwindi chofutsa, kapaipi kali kukamwa kwa mtsempha. Ndikanachiona pa butchala sindikanagula. Chachiwiri: chidutswa chomwecho m'mimba mwa achimwene, atatsegula mitsempha, chofiirira bwino, chonyezimira, ndipo pakamwa pa kanjira ka ndulu pali kadontho kachikasu. Anaika chala pa kadonthoko n'kunena kuti akaona aka, ndiye amayamba kupuma. Pakati pa zithunzi ziwirizo panadutsa ola limodzi ndi mphindi zowerengeka. Ulendo wonse wa kuchokera ku Matero, chiwindicho chinazizidwa ola limodzi lokha, poyenda masitepe ochepa kudutsa khomo.

Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa galimoto za ambulansi, poti m'khonde munali anthu.

Tili m'ndege pobwerera ndinkawerengera ngati munthu wa ntchito. Lusaka ndi Johannesburg ndi maola awiri m'mwamba, ndipo kumeneko ku chipatala cha Wits Donald Gordon amasintha ziwindi, mpaka mu 2017 mayi wa HIV anapereka chidutswa kwa mwana wake wopanda kachilomboko kuti apulumuke. Chipata ndi Lusaka ndi makilomita oposa 550 pa Great East Road, tsiku lonse pa basi ukawerengera kuima pa Luangwa kugula nsomba, koma pa ndege yaing'ono n'kanthawi. Kunena za maola okha, bokosi la ayezi likhoza kukwanitsa dziko lathu lino. Chotisowa si kuzizira ayi. Pafunika chipinda cha odwala kwambiri chosunga thupi la womwalira ubongo mpaka gulu lifike, nkhokwe ya magazi yosauma, madokotala a opaleshoni ya maola 10, ndi mankhwala a moyo wonse osasowa pa shelefu.

Ndipo pafunika banja lovomera, pamene pali phiri lenileni. Ife maliro timafuna munthu apite wathunthu. Amene tinali mu Lusaka mu 2016 tikukumbuka mitembo imene inkapezeka yochotsedwa ziwalo ndi chipolowe chimene chinatsatira m'makomboni. Mawu akuti "kuchotsa ziwalo" kuno amanunkha zizimba. Upite kwa mayi amene mwana wake wagundidwa ndi minibasi, ukamuuze kuti tipatseni chiwindi chake, uona chimene chidameta nkhanga mpala. Ngakhale za alamu, azakhali ena a ku Katete mpaka lero amanong'ona kuti mkazi anapita wathunthu n'kubwera watheka. Tinawauza kuti chiwindi chimaphuka, kuti pakatha miyezi iwiri kapena itatu chimakhala chitabwerera pafupifupi msinkhu wake mwa onse awiri. Anangoti, "Kaya."

Ine pandekha, wina atandipatsa ndalama ya makina a ku Oxford, ndingayambe ndagula zopimira hepatitis B za kusikelo ya amayi oyembekezera, ndi katemera wa tsiku lobadwa. Ana athu amalandira katemera wa matendawa kusikelo kuyambira pa masabata 6, ndipo anga onse ndinakawapimitsa, ali bwino. Ndimamwa kam'bulu kanga kamodzi patsiku, miyezi 6 iliyonse ndikukagona pa bedi kuti andiunike pamimba. Mtedza wa chuku umene kale ndinkangoupukuta n'kutafuna, pano ndimataya, chifukwa chuku chimenecho chikakumana ndi kachilomboka ndiye khansa ya chiwindi imapeza njira. Amayi amati ndayamba matama.

Achimwene anabwerera m'kalasi. Pamimba pawo pali chipsera cha nthambi zitatu chimene madokotala eni ake amachitcha Mercedes, ndipo iwo amati ndi Benz yokhayo imene mphunzitsi wa boma angakhale nayo. Cha alamu n'chopindika ngati ndodo ya gogo. Akale anati chibale n'chipsera, koma awiriwa si a magazi amodzi, anangokumana pa kwaya.

Lamlungu lapitali ndinali kwawo ku Matero. Tikudya, foni ya achimwene inalira, 8 koloko, nthawi ya tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana mlendo, amene sadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Iwo anali pakati pa nkhani ya mpira, anangoithimitsa n'kupitiriza. Alamu ali kukhitchini anakuwa, "Abambo, chiwindi changacho mwachimwetsa mankhwala?"

"Ndikumwa, amayi, ndikumwa."

"Mukachitopa mubweze, eni ake tilipo."

Anadzuka n'kukatenga madzi. Potsegula firiji ndinamva kompuresa ikugogoda moipa, kulira kwa firiji yoti yatsala miyezi iwiri. Ndinasuzumira kumbuyo: fridge guard imene ndinawagulira chaka chatha anaizula, pasoketi pali chaja ya foni. Ndinasamba m'manja, n'kutuma mwana kuti akanditengere chikwama cha zitsulo panja.